Bondo Likakana Uli kwa Eni

Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwambiwu timakonda kuuponyera mlimi wochedwa kusosa, mwana wasukulu woyamba kuwerenga mayeso atafika kale pakhomo, kapena wangongole amene nyimbo yake ndi mawa. Koma chithunzi chimene umatipatsa n'cha munthu amene miyendo yamukana. Ankayenda bwinobwino, thupi lidamunong'oneza kuti pena pake palakwika, iye n'kuti tiona, ndipo pomaliza adafika poyendera manja ndi mawondo. Mfundo yanga ndi yakuti palibe malo amene munthu amazengereza kwambiri ndi ululu wa mwendo kuposa kwa eni, ndipo chomuzengerezetsa si umbuli ayi, koma ulemu umene tidaphunzitsidwa tili ana. Ulemuwo ndi wabwino pa mbale ya nsima ndi pa mphasa yogonapo, koma ukafika pa bondo lotupa umatha kupundula munthu.

Titenge Kuti, nkhalango yotetezedwa ya mahekitala pafupifupi 2,000 imene ili kufupi ndi boma la Salima, chakunyanja. Chimene chimakopa anthu kumeneko n'chakuti mulibe mikango kapena njovu, motero mlendo saumirizidwa kukhala m'galimoto. Amatsika n'kumayenda wapansi kapena kupalasa njinga pakati pa mbidzi, mphalapala ndi nswala. Tsono wobwera kuchokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kawirikawiri ndi munthu amene mlungu wonse amakhala pampando mu ofesi. Watsika m'galimoto mawondo atauma, nsapato zake n'za m'tauni, ndipo akufuna kuona zonse dzuwa lisanalowe. Nthaka ya kuchigwa cha nyanja ili ndi mchenga, maenje obisika m'udzu, ndi dothi la m'madambo limene likauma limang'ambika ming'alu yokwana chidendene. Ngakhale pamalo osalala, bondo limasenza kulemera kwa thupi kuwirikiza kawiri kapena katatu nthawi iliyonse munthu akaponda, ndipo mumchenga munthu amawononga mphamvu zoposa kawiri za poyenda pa nthaka yolimba. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, pamene malaya amanyowa thukuta munthu atangokhala pamthunzi, ndiye simungadabwe kuona wina amene adalowa m'mawa akudumphadumpha akutuluka madzulo akutsimphina, uku akumwetulira kuti palibe kanthu.

Kumwetulira kumeneko ndiko kuyenera kutidetsa nkhawa. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu udapangidwira mwini khomo, kumuuza kuti apirire ndi kugawa chimene ali nacho poti mlendo sakhalitsa. Koma mlendo nayenso adaumva, ndipo adaumva mwa njira yake: ukhale wopepuka, usalemetse eni, usasiye dandaulo. Choncho akafunsidwa kuti mwadzuka bwanji, amayankha kuti ndadzuka bwino, pamene usiku wonse wagona chotembenuka. Mumtima amati ndikaonetsa ndikafika kwathu. Ndipo alendo a ku Salima si okaona nyama okha. Kuli amayi a geni amene amatsikira ku Senga Bay kukapikula usipa ndi utaka, n'kumasenza madengu mumchenga kuchokera pathandala mpaka pamsewu. Kuli asodzi ochokera ku Nkhata Bay ndi madera ena a kumpoto amene amakhala pagombe miyezi, akukoka makoka ndi kukankha mabwato. Kuli ophunzira usilikali ku MAFCO, ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe amene amadzaza mahotela a m'mbali mwa nyanja ndi misonkhano, ana asukulu a paulendo, makwaya, ngakhale obwera kumaliro. Aliyense mwa awa ali ndi chifukwa chake chobisira ululu. Wa geni akuopa kuti nsomba ziwonongeka, msodzi akuopa kuti malo ake m'bwato atenga wina, wa kumsonkhano akuopa kuti anzake anena kuti wakalamba, ndipo wa kumaliro akuona kuti n'zochititsa manyazi kudandaula za bondo pamene eni akulira munthu.

Ndivomere msanga kuti ululu wambiri wa mwendo umatha wokha. Minofu ya katumba ikakokana chifukwa cha kutopa ndi kutentha, mankhwala ake ndi kuima, kuwongola mwendo, kukokera zala za phazi chakumsongolo, ndi kumwa madzi. Bondo likabinyika pang'ono, masiku awiri oyambirira limafuna kupuma, kuziziritsidwa ndi nsalu yonyowa kapena botolo lozizira lokulungidwa m'chitenje kwa mphindi 15 kapena 20 kangapo pa tsiku, kumangidwa bandeji mosathinitsa, ndi kusanjikidwa pamwamba munthu akagona. Apa ndipo mwambo wathu umasemphana ndi achipatala, chifukwa dzanja la Mmalawi likangomva kuti wina wabinya mwendo limathamangira kutereka madzi kuti amuthowe, ndipo pamapezekanso mwamuna wamphamvu wodzipereka kuukoka kuti ubwerere m'malo. Kuthowa kuli ndi nthawi yake, pa minofu youma kapena kutupa kukayamba kuphwa, koma madzi otentha pa tsiku loyamba amawonjezera kutupa. Za kukoka ndiye ndisanene n'komwe: ngati mkati muli fupa losweka kapena mtsempha womanga mafupa woduka, wokokayo akumaliza ntchito imene dzenje lija lidaiyamba.

Funso n'lakuti munthu angadziwe bwanji kuti ululu wake uli m'gulu lodikira kapena ayi, pamene ali pakati pa tchire ndipo makina ojambulira mafupa ali kutali. Madokotala a mumzinda wa Ottawa ku Canada, motsogoleredwa ndi Ian Stiell, adakumana ndi funso lomweli m'zaka za m'ma 1990, ngakhale kuti vuto lawo lidali lojambula anthu ambiri amene sadathyoke. Adakonza mfundo zochepa zothandiza kusankha woyenera kujambulidwa bondo akavulala, ndipo ubwino wake n'ngwakuti zambiri mwa izo mlimi kapena wa kabaza angathe kuziyesa yekha. Ngati wovulalayo sangathe kuponda masitepe anayi, ngakhale motsimphina, ngati sangathe kupinda bondo kufika pamene limafika munthu akakhala pampando, ngati kafupa kozungulira ka pamwamba pa bondo kapena mutu wa fupa laling'ono la chakunja kukuwawa pokhudza, kapena ngati ali ndi zaka 55 kupita m'tsogolo, ameneyo akajambulidwe. Palinso zina zimene odziwa mafupa amafunsa. Bondo lotupa mkati mwa maola awiri chivulalireni nthawi zambiri limakhala kuti ladzaza magazi, chizindikiro chakuti china chake chachikulu chaduka kapena kusweka. Bondo limene lagwira, osawongoka, kapena limene limangofooka lokha munthu akaponda, nalonso likufunika diso la wodziwa. Zonsezi sizifuna ndalama. Zimangofuna kuti munthu avomere kuyesedwa pamaso pa anzake, ndipo apa ndi pamene mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Koma ululu woopsa kwambiri ndi uja wobwera popanda kugwa kapena kupunthwa, chifukwa ndi umene munthu amaupeputsa. Magazi amayenda kubwerera kumtima kuchokera kumapazi mothandizidwa ndi minofu ya katumba, imene imafinya mitsempha munthu akamayenda. Akakhala malo amodzi nthawi yaitali mawondo atapindika, magazi amadekha m'mitsempha ya mkati ndipo amatha kuundana. Mu 2007 bungwe la WHO lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wosonyeza kuti chiopsezo chimenechi chimawirikiza pafupifupi kawiri munthu akayenda ulendo wa maola anayi kapena kuposerapo atakhala pansi, kaya ndi pandege, pabasi, pasitima kapena pagalimoto. Tsono taganizirani m'bale wathu wochokera ku Joni pa nyengo ya Khirisimasi, amene wakhala m'basi usana ndi usiku n'kupitirira, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, katundu ali pamiyendo, madzi akumwa pang'ono poopa kuvutitsa dalaivala. Patapita masiku atatu abale amutengera kunyanja kuti akapumule, ndipo kumeneko katumba wa mwendo umodzi watupa, watentha, akuwawa. Aliyense amuuza kuti ndi kutopa kwa ulendo, ndipo wachifundo wina ayamba kumusisita ndi mafuta. Chowundanacho chikanyotsoka chimayenda ndi magazi mpaka kukatseka mitsempha ya m'mapapo, monga chipika chokokoloka ndi madzi a mvula chimakatsekera pa kalavati. Munthu amayamba kubanika, kumva kubaya pachifuwa, mwina kutsokomola magazi, ndipo amatha kufa tsiku lomwelo. Amayi oyembekezera kapena ongobereka kumene, akumwa mapiritsi ena olerera, onenepa kwambiri, ochitidwa opaleshoni posachedwa, odwala khansa, TB kapena amene ali ndi HIV, chiopsezo chawo n'chokulirapo. Mwendo umodzi wotupa pambuyo pa ulendo wautali sausisita ndipo saudikiritsa mawa.

Winanso wosadikira ndi bondo lotentha, lotupa, losafuna kukhudzidwa, mwini wake akumva kuzizidwa ndi kutentha thupi. Kuno kwathu kutentha thupi kulikonse timathamangira kuti ndi malungo, makamaka ku Salima kumene udzudzu suchita kufunafuna, ndipo munthu amatha kumwa LA masiku atatu pamene mafinya akudya chicherewechere cha m'bondo. Chicherewechere chikadyeka sichimeranso, ndipo kuwonongekako kumayamba m'masiku ochepa. Dokotala wa mafupa Chris Lavy, amene adagwira ntchito zaka zambiri ku Blantyre, pamodzi ndi anzake adaonetsa kuti matendawa si achilendo mwa ana aang'ono a kuno, ndi kuti kachilombo ka Salmonella kamapezeka kawirikawiri m'mafinyawo. Mwana amene wakana mwadzidzidzi kuponda mwendo umodzi ali kwa agogo kapena paulendo wa sukulu asanenedwe kuti ndi matama. Palinso chithupsa cha mkati mwa minofu ya ntchafu, chofala m'mayiko otentha, chimene chimayamba ngati kuuma chabe kwa mnofu. Ndipo m'tchire ngati la Kuti tisaiwale mphiri, njoka yaulesi imene sithawa mapazi a munthu. Wolumidwa asamangidwe chingwe, asatemedwe, asayamwidwe. Mwendo ukhale chete ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala.

Wina anganditsutse kuti ndikuopseza anthu pachabe. Kafukufuku wa WHO yemwe uja adati mwa anthu pafupifupi 6,000 oyenda ulendo woposa maola anayi, ndi mmodzi yekha amene magazi amamuundana. Nanga si akuluakulu omwewo adati kuona maso a nkhono n'kudekha? Ngati aliyense womva kuwawa katumba atathamangira kuchipatala cha boma la Salima, mzere ungafike kumsika, ndipo odwaladi sangathandizidwe. Mfundoyi ili ndi mutu, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti ululu uliwonse upite kuchipatala. Koma kudekha kwa woyang'ana nkhono ndi kudekha kwa munthu amene maso ake ali pa nkhonoyo. Amene akudikira moona amayerekeza miyendo yake iwiri m'mawa ndi madzulo, amakhudza kuti amve ngati wina ukutentha, amayesa masitepe anayi aja, amauza mnzake wogona naye chipinda chimodzi kuti ukandimva ndikubanika usiku undidzutse. Zengerezu sachita chilichonse mwa izi. Amavala buluku lalitali kuti kutupa kusaoneke, n'kumayesa kuiwala. Ndipo chiwerengero cha mmodzi mwa 6,000 chikunena za onse oyenda ulendo wautali. Kwa amene mwendo watupa kale, sichikumutonthozanso, chifukwa mwina iye watuluka kale m'gulu la anthu 5,999 aja.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba, ndipo sindikufuna kukupeputsa. Kudwala kwa eni n'kodula. M'zipatala zathu wogonekedwa amadalira gadiyani womusambitsa, kumuphikira ndi kumuthamangira, ndipo mlendo gadiyani alibe. Kabuku ka kuchipatala kadatsala kunyumba, ndalama ya m'thumba ndi ya thiransipoti yobwerera, ndipo aliyense adamvapo za masiku amene mankhwala amasowa kapena makina ojambulira amakhala atafa. Kodi si kwanzeru kupirira mpaka ku Lilongwe, kumene kuli Kamuzu Central ndi chipatala cha mafupa cha LION, kapena ku Blantyre kumene kuli Queens ndi Beit CURE ya ana? Yankho langa lili pawiri. Choyamba, anthu ambiri sadziwa kuti dziko lino lidakonzeratu za munthu wovulala kutali ndi mizinda. Kuyambira mu 1985, pamene dokotala wa ku Canada Edward Blair adayambitsa maphunzirowa mogwirizana ndi bungwe la Malawi Against Polio, Malawi yakhala ikuphunzitsa makiliniko ofesala a mafupa kwa miyezi 18 ndi kuwatumiza m'zipatala za m'maboma. Madokotala akuluakulu a mafupa ndi owerengeka m'dziko muno, ndipo mafupa ambiri othyoka amalunzidwa ndi anthu amenewa. Iwo amadziwa kuika chikhakha, kupopa mafinya kapena magazi m'bondo, ndi kuzindikira amene ayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu. Wofika ku Kamuzu Central ndi kalata yochokera ku Salima ali patsogolo pa amene wangotulukira yekha patatha mlungu. Chachiwiri, kukaonetsa si kugonekedwa. Ambiri amauzidwa kuti palibe choopsa, n'kubwerera tsiku lomwelo mtima uli m'malo. Chipatala cha boma sichilipiritsa ndipo sichifunsa kuti mfumu yanu ndi ya boma lino kapena ayi, kabuku katsopano kamagulidwa pa mtengo wochepa, ndipo amene akukayika angayambe waimbira Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo.

Pali kutsutsa kwachitatu kumene anthu sakunena poyera. Mwendo ukatupa mwadzidzidzi kwa eni, popanda chilonda kapena kugwa, mtima wa ambiri umathamangira kuti ndaponda mankhwala, wina adatchera panjira kapena pakhomo. Munthu woganiza chotere safuna chipatala cha komweko, amafuna kuthawa malowo n'kukaonana ndi sing'anga wa kwawo kuti amutemere mphini. Sindinyoza mantha amenewa, chifukwa kukhala mlendo kumachititsa munthu kukayikira ngakhale moni. Koma taonani kuti matenda amene ndatchula aja, magazi oundana, mafinya a m'bondo, chithupsa cha m'ntchafu, onse amabwera ndendende mwa njira imene anthu amafotokozera kuponda mankhwala: mwadzidzidzi, mwendo umodzi, popanda chifukwa chooneka. Ulendo umene udamufikitsa munthu kwa eniwo ndiwo nthawi zina udayambitsa vutolo, ndiye n'zosadabwitsa kuti limaonekera kumeneko. Lumo pa khungu lotupa limatsegulira tizilombo khomo, ndipo masiku amene apita pofunafuna wotchera ndi omwewo amene chicherewechere chikutha. Amene chikhulupiriro chake chili cholimba sindingamulande, koma ayambe wapimidwa, zinazo pambuyo. Mnzake wa mphini masiku ano ndi mapiritsi a pagolosale. Panado pa mlingo wake alibe vuto, koma bufeni, indosidi ndi diclofenac, zimene anthu amamwa mophatikiza ndiponso m'mimba muli pululu, zimakanda chifu ndipo zimapweteka impso, makamaka munthu akataya madzi ambiri m'thupi ndi kutentha kwa kunyanja. Choipa china n'chakuti zimagonetsa ululu mokwanira kuti munthu ayendenso makilomita asanu pa bondo limene limafunika kupuma.

Timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo n'zoona kuti palibe angamve ululu wa mwendo wa mnzake. Komabe mwini khomo, wotsogolera gulu, mphunzitsi woperekeza ana, kapena mwini bwato ali ndi maso. Mlendo wathu sadzanena yekha, tidamulera tokha kuti asamanene, choncho funso lakuti muli bwanji silikwanira. Pamafunika kunena kuti bambo, ndaona mukutsimphina, tapindani buluku tione, kapena kuti mayi, katundu wanu ndisunga ine, kwerani kabaza mukaonetse. Ku Salima kabaza sasowa, ndipo kwa wotupa mwendo ndalama ya kabaza ndi yotchipa kuposa kuyenda wapansi pofuna kuonetsa kulimba. Amene wapimidwa n'kuuzidwa kuti angathe kubwerera kwawo, apemphe mpando umene angawongolepo mwendo, azigwedeza mapazi m'njira, azitsika kuyendako pang'ono basi ikaima, ndipo ngati lovulala ndi bondo lakumanja asaumirire kuyendetsa yekha galimoto pa zitunda za pakati pa Salima ndi Lilongwe, pamene phazi limafunika kufika pa buleki mosaganiza kawiri.

Nthawi zinanso nyanja imamutsatira munthu kwawo. Tizilombo ta likodzo timalowa pakhungu munthu akamasamba m'madzi momwe muli nkhono zake, ndipo ngakhale kawirikawiri timakakhazikika m'mitsempha ya chikhodzodzo kapena matumbo, mwa anthu ochepa mazira ake amakafika mu mtsempha waukulu wa mumsana. Pamenepo patatha milungu kapena miyezi munthu amayamba kumva kuwawa m'chiuno kotsikira m'miyendo, dzanzi, kufooka, ndi kuvutika pokodza. Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito mongodzipereka m'bungwe la Peace Corps adadwala likodzo lotere atasambira ku Cape Maclear, wina lidamugwira mu ubongo, wina mumsana. Matendawa amachizika ndi praziquantel pamodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa ngati apezeka msanga, miyendo isanaferetu. Koma dokotala wa ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku London sangalote kuti wodwala amene ali patsogolo pake adasamba ku Senga Bay miyezi iwiri yapitayo, pokhapokha wodwalayo atatchula yekha za ulendowo asanafunsidwe.